Chilonda chosaoneka: zomwe zimaduka mu ubongo munthu akagwa pa kabaza

Tsiku la msika pa Edingeni, m'boma la Mzimba, khutu silipuma. Njinga zamoto za kabaza zimangoti iyi yafika, iyo yanyamuka. Ina yanyamula mayi ndi thumba la chimanga, ina bambo ndi ana awiri, ina ikuliwondo wa ku Embangweni kuti ikatule munthu n'kubwerera ena dzuwa lisanapendeke.

Palibe angatsutse kuti kabaza wapeputsa maulendo kuno kulikulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Ulendo womwe kale unkadya tsiku lathunthu pa ngolo kapena wapansi, lero munthu amapita n'kubwerako nsima yamasana isanapole. Anyamata ambiri apezanso pogwira.

Koma mukaima pambali n'kuyamba kuwerenga mitu ya okwera njingazi, yovala helemeti ndi yowerengeka.

Nkhani yomwe mabanja ambiri m'matauni ang'onoang'ono akuidziwa imayenda chonchi. Mnyamata wagwa ndi njinga pamchenga kapena wawombana ndi ng'ombe. Wakomoka, kenaka watsitsimuka. Kuchipatala amusoka chilonda cha pachipumi, amujambula ndipo apeza kuti fupa la mutu ndi labwinobwino. Patapita masiku amutulutsa, abale n'kuthokoza Mulungu.

Kunyumba ndiye kumayambira nkhani. Munthu uja wasanduka woiwalaiwala. Mukamutuma mchere kugolosale, akubwera ndi machesi. Sachedwa kupsa mtima, phokoso la ana likumunyansa, ndipo akagwira khasu pang'ono akuti watopa. Ena pamudzi amati wayamba ulesi, ena amati alipo wamuchita chipongwe, pomwe ena amaganiza za vimbuza.

Madokotala ali ndi kufotokoza kwawo. Iwo amati chilonda chachikulu cha munthu wotereyu chili m'kati mwa ubongo, pa tizingwe tating'onoting'ono tomwe diso ngakhale makina ambiri ojambulira sangatione. Kuti timvetse, tiyenera kulowa m'kati mwa kachingwe kamodzi n'kuona mmene kanamangidwira.

Nthambo za m'mutu

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo ndi wofewa ngati phala lolimbirako. M'menemo muli maselo otumiza mauthenga okwana pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi thunthu lake, nthambi zifupizifupi zolandirira uthenga, ndi mchira umodzi wautali wotumizira uthengawo kwa maselo ena. Mchira umenewu akatswiri amautcha axon.

Pachichewa mawu akuti mtsempha amatanthauza njira ya magazi komanso njira ya uthenga. Pano tikunena za njira ya uthenga, yomwe simudutsa magazi. Ili ngati nthambo ya magetsi.

Ma axon ambiri a mu ubongo ndi owonda kwambiri moti mutayalanitsa 50, sangafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Koma kutalika ndiye nkhani ina. Ena amachoka mbali imodzi ya ubongo kukafika mbali inayo, ndipo omwe amachoka kumunsi kwa msana kukafika kuchala chakuphazi amatha kukwana mita yathunthu.

Yemwe anatsimikizira dziko kuti ubongo ndi khamu la maselo oima paokha anali dokotala wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1906 pamodzi ndi Camillo Golgi wa ku Italy. Iye ankajambula pamanja zomwe ankaona pa maikulosikopu. Funso lomwe linatsalira obwera pambuyo pake linali lakuti: kodi kachingwe kowonda chotere, m'thupi lomwe limathamanga, kudumpha ndi kuvina ingoma, kamakhala bwanji zaka 80 osaduka?

Mizati, phaso ndi luzi

Yankho lake ndi lakuti axon si paipi yopanda kanthu. M'kati mwake muli chimango, monga mmene nyumba imakhalira ndi mizati, phaso ndi luzi lomangira. Chimangochi ndi chopangidwa ndi mapuloteni, omwe thupi limawaumba kuchokera ku zakudya monga nyemba, usipa, mazira ndi mkaka.

Choyamba ndi timapaipi totchedwa microtubule. Timayala motsata utali wa axon ngati njanji za sitima. Kamodzi ndi konenepa mananomita 25, kutanthauza kuti pamafunika 40,000 toyalanitsa kuti tikwane milimita imodzi. Timeneti timagwira ntchito ziwiri: kulimbitsa axon ndi kukhala msewu wodutsa katundu.

Chachiwiri ndi ulusi wotchedwa neurofilament. Umenewu ndiwo wochuluka m'ma axon akuluakulu, ndipo uli ndi timanja totuluka m'mbali tomwe timakankhana ndi ulusi woyandikana nawo. Ntchito yake ndi kudzaza axon kuti inenepe, monga mmene thonje limafufumitsira pilo. Kunenepaku n'kofunika chifukwa axon yonenepa imathamangitsa uthenga kuposa yowonda. Ikakhala kuti yakutidwanso ndi mafuta oyera otchedwa myelin, omwe ali ngati pulasitiki ya kunja kwa nthambo, uthenga umatha kuthamanga mamita oposa 100 pa sekondi. N'chifukwa chake mukaponda khala lamoto phazi limachoka musanaganize n'komwe.

Chachitatu ndi puloteni yotchedwa tau, yomwe inapezeka mu 1975 pa yunivesite ya Princeton ku America. Imeneyi imakakamira pa timapaipi tija n'kumatithandiza kukhala m'malo mwake, ngati luzi pa phaso.

Chachinayi chinabisala kwa nthawi yaitali. Mu 2013, gulu la mayi Xiaowei Zhuang pa yunivesite ya Harvard, pogwiritsa ntchito maikulosikopu yamphamvu yomwe anaikonza okha, linaona kuti kunsi kwa khungu la axon kuli mikombero yondondozana. Mikomberoyi ndi ya puloteni yotchedwa actin, ndipo imalumikizidwa ndi ina yotamuka ngati sipuling'i, yotchedwa spectrin. Imatalikirana mofanana, pafupifupi mananomita 190, kotero kuti pa milimita imodzi pali mikombero yoposa 5,000.

Alimi a kudimba akuidziwa paipi yokokera madzi ya thiredo pampu, ija ili ndi nthiti mozungulira. Mumatha kuipinda koma siphwatalala. Axon nayo inamangidwa motero.

Umboni wa kufunika kwa spectrin unali utaoneka kale mu 2007 pa yunivesite ya Utah. Akatswiri kumeneko anaweta tinyongolotsi topanda puloteni imeneyi, ndipo anapeza kuti mitsempha yake inkangoduka yokha tikamayenda. Tomwe anatipuwalitsa kuti tisamagwedezeke, mitsempha yake inkapulumuka.

Msewu wosagona

Pali chinthu chinanso chofunika kudziwa. Zambiri zomwe axon imafuna pa moyo wake zimapangidwa kuthunthu la selo, ndipo ziyenera kunyamulidwa kukafika kunsonga. Zili ngati mmene feteleza, shuga ndi mankhwala zimachokera pa boma kapena pa Jenda kukafika m'midzi ya kumalire ndi Zambia.

Mu 1948, katswiri wina, Paul Weiss, ndi mnzake Helen Hiscoe anamanga mtsempha wa nyama kuti upanikizike. Patapita nthawi anaona kuti watupa kumtunda kwa pomangapo, ngati madzi odikha padamu. Apa anadziwa kuti m'kati mwa mtsempha mumayenda zinthu.

Onyamula katunduyo anadziwika mu 1985, pomwe Ronald Vale, Thomas Reese ndi Michael Sheetz anapeza puloteni yotchedwa kinesin m'mitsempha ikuluikulu ya nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid. Kinesin ili ndi timiyendo tiwiri ndipo imayendadi, phazi ili kenaka ilo, pamwamba pa microtubule, itasenza katundu ngati mayi wochokera kuchigayo. Phazi lililonse ndi mananomita 8. Kuti iyende milimita imodzi imaponya mapazi 125,000. Imeneyi imapita kunsonga. Yobwerera kuthunthu, yonyamula zotha ntchito ndi malipoti a kutsogoloko, ndi ina yotchedwa dynein.

Katundu wachangu amatha kuyenda mpaka masentimita 40 patsiku. Koma zipangizo za chimango chenichenicho zimayenda mwakachetechete, pafupifupi milimita imodzi patsiku kapena kucheperapo. Msewuwu sutseka usiku, ulibe Sabata, ndipo umayenda kuyambira munthu ali m'mimba mpaka tsiku lomaliza.

Mutu ukagwedezeka

Tsopano tibwerere kwa mnyamata wathu uja wagwa pamchenga.

Ubongo sunamatiridwe ku fupa la mutu. Umayandama m'madzi. Njinga ikaima mwadzidzidzi, mutu n'kumenya pansi kapena kutembenuka mwamphamvu, fupa limaima koma ubongo umapitirira, n'kupotokola. Zigawo zake sizilemera mofanana, choncho zina zimatsalira pomwe zina zatsogola, ndipo ma axon olumikiza zigawozi amakokeka.

Izi anazionetsa mu 1943 katswiri wa ku Oxford, A.H.S. Holbourn, yemwe anaumba ubongo wa jele n'kumaugwedeza. Anapeza kuti kupotokola kwa mutu ndiko kumang'amba kwambiri m'kati.

Axon imatha kutamuka ndithu, bola ikokedwe pang'onopang'ono. Amayi ophika mandasi akudziwa: ufa wokanda mukaukoka modekha umatalika, koma mukautswanyula umaduka. Kafukufuku wa gulu la Douglas Smith pa yunivesite ya Pennsylvania anaonetsa kuti axon ikakokedwa mwadzidzidzi, timapaipi ta microtubule ndito timathyoka, ngakhale khungu lakunja likadali lolumikizana.

Chotsatira chake chili ngati mlatho ukakokoloka nthawi ya dzinja. Magalimoto a katundu amangobwerabe, osadziwa kuti kutsogolo kulibe njira, ndipo amaunjikana. Kinesin nayo imapitiriza kutula katundu pothyokapo mpaka axon imatupa, n'kuoneka ngati mkanda wa timibulu.

Pa nthawi yomweyo khungu lokokekalo limalowetsa mchere wa calcium wochuluka kuposa muyezo. Calcium ameneyu amadzutsa timichere togaya mapuloteni, tomwe timayamba kudya spectrin ndi neurofilament. Chimango chikagwa, axon imaduka. Chodabwitsa n'chakuti ma axon ambiri saduka pa mphindi ya ngoziyo. Amaduka patapita maola kapena masiku. Ena omwe sanavulale kwambiri amadzikonza n'kuyambanso ntchito.

Vutoli analifotokoza bwino koyamba mu 1956 dokotala wamkazi wa ku Oxford, Sabina Strich, atapima ubongo wa anthu omwe sanabwererenso m'nzeru zawo chivulalireni m'mutu. Mu 1982 madokotala a ku Glasgow anafalitsa dzina lomwe likugwira ntchito mpaka lero, diffuse axonal injury, kutanthauza kuvulala kwa ma axon komwazikana malo ambiri mu ubongo.

Likakula, munthu amakomoka pomwepo ndipo amatha masiku, miyezi, mwinanso osadzukanso. Likakhala lapakatikati, amadzuka koma wosintha. Likachepa, amangomva chizungulire, litsipa ndi kusokonezeka kwa masiku angapo.

Nanga bwanji chithunzi sichionetsa?

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amasokonezeka. Ekiselo wamba, yemwe amapezeka m'zipatala zambiri, amaona mafupa basi. Makina a CT, omwe amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, amaona bwino magazi owundana ndi fupa losweka, ndipo apulumutsa miyoyo yambiri. Koma tizingwe towonda kuposa tsitsi sangatione. Makina a MRI amaonako zambiri, komabe osati zonse, ndipo m'dziko muno ndi ochepa. Oyamba anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008.

Choncho dokotala akati chithunzi chili bwino, akunena zoona: mulibe magazi ofunika opaleshoni. Sizitanthauza kuti ubongo sunavulale.

Malawi waphunzitsako dziko pa nkhani ya ma axon. Mu 2011 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Blantyre, wa gulu la Katerina Dorovini-Zis ndi Terrie Taylor, yemwe anapima ubongo wa ana omwalira ndi malungo a mu ubongo. Anapeza kuti mwa zina, ma axon ndi mafuta owakuta aja anali owonongeka. Izi zikuthandiza kumvetsa chifukwa chake ana ena opulumuka malungo oterewa amavutika m'kalasi kapena kusintha khalidwe.

Kodi zimameranso?

Mtsempha wa padzanja kapena pamwendo ukaduka n'kulumikizidwa bwino, umatha kumeranso, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Mu ubongo ndi mu msana zinthu n'zosiyana. Axon yoduka kumeneko simera kukafikanso komwe inkapita. Pamalopo pamabwera chipsera, ndipo mafuta a myelin a mu ubongo ali ndi zinthu zoletsa kumera.

Komabe chiyembekezo chilipo. Ubongo umadziwa kulambalala. Monga mmene anthu amatsegulira njira ina mlatho ukagwa, ma axon otsala amaphuka nthambi zatsopano n'kutenga ntchito ya omwe anafa. Izi zimafuna nthawi ndi kubwerezabwereza. Ambiri ovulala pang'ono amachira m'masabata awiri kapena anayi. Ovulala kwambiri amasintha mofulumira m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo amapitirizabe pang'onopang'ono kwa chaka kapena ziwiri.

Pa nthawi imeneyi banja ndilo chipatala chachikulu. Wodwala amafuna tulo tokwanira, malo opanda phokoso, ndi ntchito zing'onozing'ono zowonjezereka pang'onopang'ono. Muuzeni chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Akaiwala, mukumbutseni mosanyoza. Akapsa mtima, dziwani kuti mbali ya kutsogolo kwa ubongo, yomwe imagwira munthu kuti adziletse, ndi imodzi mwa zomwe zimavulala kawirikawiri. Mowa ndi chamba zimabwezera m'mbuyo kuchira. Asathamangire kukweranso njinga kapena kusewera mpira, chifukwa kumenyekanso ubongo usanapole n'koopsa kuposa koyamba.

Ena amayamba kugwa khunyu patapita miyezi. Limeneli lili ndi mankhwala kuchipatala, ndipo silipatsirana. Thandizo la mafizo limapezeka m'zipatala za boma ndi za mishoni, ndipo ku Blantyre kuli malo a Kachere ophunzitsanso ovulala kuyenda ndi kudzisamalira. Pa za kusintha kwa khalidwe ndi maganizo, a St John of God ku Mzuzu amathandiza.

Kuloza chala agogo a pamudzi kuti ndiwo alodza sikulumikiza axon ngakhale imodzi. Kumangowonjezera chilonda china pabanja.

Maola oyamba

Kupatula kuduka kwa ma axon, ngozi ya m'mutu ili ndi mdani wina wachangu: magazi otayikira m'kati mwa chigaza. Munthu amatha kudzuka, kuyankhula, ngakhale kuseka, kenaka patapita maola n'kukomokanso osadzukanso. Uyu opaleshoni ikhoza kumupulumutsa akafika msanga.

Choncho aliyense yemwe wakomoka atamenya mutu, ngakhale kwa mphindi imodzi, apite kuchipatala. Pomunyamula, mutu ndi khosi zikhale mowongoka ndi thupi, chifukwa khosi likhoza kukhala lothyoka. Musamugwedeze, musamuthire madzi, musamumwetse kanthu ali chikomokere.

Akabwerera kunyumba, pakhale munthu womuyang'anira usana ndi usiku woyamba. Mukaona akusanza mobwereza, mutu ukupwetekerapwetekera, akuwodzera modabwitsa, akuyankhula zosamveka, akukomoka ngati wakhunyu, dzanja kapena mwendo wafooka, kapena m'mphuno ndi m'khutu mukutuluka magazi kapena madzi, musadikire kuche. Thamangirani pachipatala cha Edingeni, cha mishoni ku Embangweni kapena cha boma pa Mzimba. Iwo ndiwo adziwe ngati n'kofunika kumutumiza ku Mzuzu Central Hospital kapena kupitirira.

Kusowa kwa mpweya ndi kutsika kwa magazi kumapha ma axon omwe akanapulumuka. Ichi ndi chifukwa china chosachedwera.

Makolo adziwenso kuti si njinga yokha. Kugwedeza khanda mwaukali chifukwa likulira, kumenya mwana m'mutu, kugwa mumtengo wa mango kapena pangolo, zonsezi zimakoka tizingwe tomweti. Khosi la khanda ndi lofooka ndipo mutu wake ndi wolemera. Kumenyedwa m'mutu mobwerezabwereza kwa zaka, monga zimachitikira ankhonya, kumatha kuchititsa puloteni ija ya tau kuchoka pamalo pake n'kuwundana m'maselo, zomwe zimabweretsa kuiwala munthu akamakula.

Chipewa cha moyo

Mu May 1935, msilikali wotchuka wa ku Britain, T.E. Lawrence, anagwa pa njinga yamoto akuzemba anyamata awiri apanjinga zakapalasa. Analibe chipewa, ndipo anamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi. Mmodzi mwa madokotala omwe anamusamalira, Hugh Cairns, imfayi inamukhudza kwambiri moti anayamba kufufuza za ovulala pa njinga zamoto. Mu 1941 anatulutsa zotsatira zake, ndipo chaka chomwecho gulu lankhondo la Britain linalamula asilikali ake onse apanjinga kuvala helemeti.

Kafukufuku wophatikiza maphunziro ambiri, wa bungwe la Cochrane mu 2008, anapeza kuti helemeti imachepetsa kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 pa 100 aliwonse, ndipo imfa ndi pafupifupi 42 pa 100. Malamulo a pamsewu m'dziko muno nawo amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale.

Kunena chilungamo, helemeti siletseratu ubongo kugwedezeka m'kati. Chomwe imachita ndi kumwa mphamvu ya kumenyekako kuti mutu usaime mwadzidzidzi kwambiri, ndipo taona kale kuti changu cha kukokako ndicho chimathyola timapaipi tija. N'chifukwa chake liwiro nalo ndi nkhani. Helemeti yosamanga lamba imauluka mutu usanafike pansi. Chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba si helemeti ya njinga. Ndipo yomwe inamenyekapo kale mwamphamvu yatha ntchito, ngakhale ikuoneka yosalala.

Okwera ena amakana helemeti ya wakabaza ati ndi yakuda ndi thukuta, ena ati iwononga tsitsi lomwe angomanga kumene. Kampango kapena duku pansi pake imathetsa nkhawa imeneyo. Mabanja okwera kabaza tsiku ndi tsiku angachite bwino kugula yawoyawo, monga amagulira ambulera.

Wakabaza akafika pakhomo mawa kudzatenga mwana wa sukulu kapena mayi wopita kusikelo, funsani mafunso awiri musanakambe za mtengo: helemeti ya wokwera ili kuti, nanga mukwezapo angati? Akakhala kuti wamwa kapena ndi wothamanga, dikirani njinga ina. Pa Edingeni sizisowa.